Ulendo wa scuba: kulowa pagombe, boti la tsiku kapena kugona panyanja?

Munthu akangolandira khadi yake ya scuba, yomuloleza kusambira pansi pa madzi akupuma mpweya wa m'silinda, maso amathamangira pamapu. Wina waona chithunzi cha ashaki a mutu wonga nyundo ku zilumba za Galápagos ku Ecuador, wina wamva za sitima yomira ku Red Sea (Nyanja Yofiira), ndipo asanaganize china chilichonse wayamba kale kufufuza ndege. Dzina la malo limakopa, sindikana. Koma chomwe chimaumba ulendo wonse ndi china: mukagona kuti, ndipo muzikalowa m'madzi kuchokera pati? Malo amodzi omwewo amamukomera mwina munthu amene wagona m'boti pamwamba pake, n'kumuvutitsa mwina amene wadzuka pakati pa usiku kuti akawafike kuchokera kumtunda.

Njira zake n'zitatu. Mukhoza kumalowa m'madzi wapansi kuchokera pagombe. Mukhoza kugona kumtunda n'kumanyamuka ndi boti m'mawa, kubwerako masana kapena madzulo. Kapena mukhoza kusamukira m'boti sabata yathunthu, mudyere momwemo, mugone momwemo. Boti lotere amalitcha liveaboard.

Njirazi zimasiyana pa chinthu chimene thupi limachimva ngakhale maso sakuchiona. Mpweya wa m'silinda ndi womwewu timapuma tsiku ndi tsiku: magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni, ndipo otsalawo pafupifupi onse ndi nayitrojeni. Pa mamita 10 pansi pa nyanja mphamvu yokupanikizani imakhala kawiri ya pamtunda, pa mamita 30 imakhala kanayi. Nayitrojeni amalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo amafuna nthawi kuti atuluke pang'onopang'ono kudzera m'mapapo. Mukakwera mothamanga, kapena mukamatsika mobwerezabwereza osapuma mokwanira, amasanduka timathovu m'thupi. Amenewo ndiwo matenda otchedwa DCS, ndipo amayamba ndi kuphwanya m'mfundo za mafupa, dzanzi ndi chizungulire, nthawi zina mpaka kufa ziwalo. Choncho posankha njira mukusankhanso kuti muzitsika kangati patsiku, komanso kuti chipatala chikhale patali bwanji zinthu zikavuta.

Kulowa pagombe

Amene akufuna kuona njira imeneyi itakhwima apite ku Bonaire, chilumba cha ku Caribbean chomwe chili pafupi ndi Venezuela. Nyanja yozungulira chilumbachi inatetezedwa mu 1979, ndipo matanthwe a makorali amayambira pafupi kwambiri ndi mtunda. M'mbali mwa msewu muli miyala yopakidwa utoto wachikasu, uliwonse uli ndi dzina la malo olowera. Mumabwereka galimoto ya bokosi kumbuyo, mumakweza masilinda, mukafika pamwala umene mwaukonda mumaima, kuvala, n'kulowa. Palibe belu, palibe wokuuzani kuti nthawi yakwana. Ngakhale sitima ya Hilma Hooker, yomwe inamira mu 1984 ndipo yagona pa mamita pafupifupi 30, anthu amaisambirira kuchokera pagombe.

Ubwino wake waukulu ndi kubwereza. Mukatsika malo amodzi katatu kapena kanayi, mumayamba kudziwa mwala umene pamakhala nkhanu, pomwe mchenga umayambira, ndiponso mmene kuwala kumasinthira dzuwa likapendeka. Mumaphunzira kuwerenga kampasi chifukwa palibe wotsogolera woti muzingomutsata zidendene. Mumaphunziranso kusunga mpweya wobwererera, popeza potulukira ndi pomwe munalowera paja. Ine ndikuona kuti masiku asanu otere amam'phunzitsa munthu zambiri kuposa masiku khumi otsatira gulu.

Koma msana umalipira. Silinda, mtovu ndi jekete ya mpweya zikakhala pathupi zimapitirira makilogalamu 20, ndipo mumayenda nazo pamiyala yoterera mafunde akukumenyani m'maondo. Ambiri amavulala pomwepa, madzi asanafike n'komwe m'chiuno. Nsapato zolimba pansi n'zofunika kwambiri kuno. Ku Bonaire amalangizanso kusiya galimoto yopanda kanthu kamtengo wapatali, mawindo ali otsegula, chifukwa imakhala yokha ola lathunthu. Ndipo kuyambira mu 2023, pamene matenda owononga makorali olimba, omwe anayamba kuoneka ku Florida mu 2014, anafika pachilumbachi, oyang'anira nyanja anaika malamulo otsuka zida ndi mankhwala pochoka malo ena kupita ena. Musawanyozere, matendawa amapha mutu wa korali wazaka zambirimbiri m'milungu kapena miyezi yochepa.

Ku Tulamben, kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Bali ku Indonesia, kuli sitima ya USAT Liberty. Sitima yankhondo ya pansi pa madzi ya Japan inaiphulitsa mu Januwale 1942, anaikokera pagombe, ndipo inakhala pamenepo mpaka phiri la Agung litaphulika mu 1963 n'kuikankhira m'nyanja. Lero mbali yake yapamwamba ili pa mamita pafupifupi 5 ndipo yapansi ili cha m'ma 30, kotero wongoyamba kumene ndi katswiri onse amapezapo pawo. Chinsinsi chake n'kugona ku Tulamben komweko n'kulowa m'bandakucha, magalimoto a alendo ochokera kum'mwera kwa chilumbachi asanafike.

Pagombe pali ngozi ina yosaonekera msanga: palibe wokuletsani. Ku Dahab, m'dera la Sinai ku Egypt, kuli dzenje lotchuka la Blue Hole lakuya mamita oposa 100, ndipo m'khoma mwake muli khomo lotulukira kunyanja lomwe lili cha pa mamita 55. Khadi yoyamba ya PADI, bungwe lophunzitsa scuba, imalola mamita 18, yachiwiri 30, ndipo malire a kusambira kosangalala onse ndi 40. Kupyola pamenepo nayitrojeni amaledzeretsa, munthu amalephera kuganiza bwino, mpweya nawo ukutha mofulumira. Pathanthwe la pafupi ndi polowera pali zikwangwani za mayina a anthu amene anayesa kudutsa khomolo ndi silinda imodzi osabwerako. Kusambira m'mphepete mwa dzenjelo pa mamita 15 kapena 20 n'kokoma ndipo n'kokwanira.

Boti la tsiku

Iyi ndiyo njira imene ambiri amaidziwa, ndipo sindichedwapo. Mumatsika kawiri m'mawa, pakati pake mumapuma pafupifupi ola limodzi, ndipo masana mwabwerera kumtunda. Pali wotsogolera amene amadziwa malowo, pali woyendetsa boti amene akuyang'anira pamwamba. Khutu likakana kutseguka tsiku lina, mumangokhala osataya ulendo wonse. Mukapita ndi mkazi kapena mwamuna wanu amene salowa m'madzi, kapena ana, njira imeneyi ndi yokhayo yomwe siwasandutsa alonda a zikwama.

Pali malo amene njirayi inawayenera mwachibadwa. Ku Cozumel, ku Mexico, madzi amakoka mosalekeza motsatira matanthwe, choncho simulimbana nawo. Amakutengani, boti likukutsatirani pamwamba mpaka mutatuluka. Ku Sodwana Bay, ku South Africa, boti la labala limanyamukira pamchenga n'kuboola mafunde, inu mutakoletsa mapazi m'malamba ndi kugwiritsa chingwe, ndipo mphindi zochepa mwafika pa Two Mile Reef. (M'nyanja yomweyo, mu 2000, osambira mozama anapeza nsomba zamoyo za coelacanth pa mamita oposa 100, nsomba imene asayansi ankaiyesa kuti inatha kalekale mpaka ina itagwidwa mu 1938.) Ku Sipadan, ku Malaysia, malo ogona anachotsedwa pachilumbachi kumapeto kwa 2004, ndipo tsopano munthu amagona ku Mabul kapena ku Semporna n'kudikira chilolezo cha tsiku, chomwe chimaperekedwa kwa anthu owerengeka. Mukhoza kulipira sabata yonse n'kuponda Sipadan tsiku limodzi kapena awiri okha. Funsani zimenezi musanalipire, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Chowawa cha boti la tsiku ndi gulu. Mumaikidwa pamodzi ndi anthu amene simukuwadziwa, ndipo m'malo ambiri mpweya wa m'silinda ya mmodzi ukatsika kufika pa 50 bar, kutanthauza kuti watsala pang'ono, gulu lonse limakwera, ngakhale inu mudakali ndi theka la silinda. Maboti onse amanyamukanso nthawi imodzi n'kukafika pamalo amodzi nthawi imodzi.

Kuti muone kusiyana kwake bwinobwino, tengani SS Thistlegorm. Sitima ya Britain imeneyi inamizidwa ndi ndege za Germany mu Okutobala 1941 kumpoto kwa Red Sea, itanyamula katundu wankhondo, ndipo Jacques Cousteau anaipeza m'zaka za m'ma 1950. M'kati mwake mudakali malole ndi njinga zamoto zoimikidwa m'mizere, ndipo pamchenga pambali pake pagona mitu iwiri ya sitima zapamtunda. Wochokera ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, pa boti la tsiku amadzuka kudakali mdima, amayenda maola atatu kapena anayi panyanja, amatsika kawiri pakati pa zingwe za maboti ena ndi thovu la anthu ambirimbiri, kenako ulendo wobwerera wautali chimodzimodzi. Wa liveaboard amafika madzulo enawo atachoka, amatsika dzuwa likulowa, amatsikanso usiku ndi tochi, ndipo m'mawa amalowanso madzi asanavundulidwe.

Kugona panyanja

Moyo wa m'liveaboard ndi wosavuta kuufotokoza. Belu limalira kusanache, mumamvera malangizo a malo, mumatsika, mumadya, mumagona pang'ono, belu limaliranso. Katatu kapena kanayi patsiku, ndipo pakutha sabata mwatsika pafupifupi ka 20. Zida mumazimanga kamodzi tsiku loyamba, silinda amaidzazira pamalo pomwepo. Kwa munthu wokonda madzi, palibe njira ina yomwe imapatsa nthawi yochuluka chonchi pansi pa nyanja.

Chifukwa chenicheni chokwerera boti lotere, komabe, ndi malo amene simungawafike mwanjira ina. Zilumba za Darwin ndi Wolf ku Galápagos zili kutali kumpoto kwa zilumba zinzake, ndipo kumeneko ndi komwe ashaki a mutu wa nyundo amadutsa m'magulu, pamodzi ndi shaki wamkulu kuposa nsomba zonse, whale shark, makamaka kuyambira Juni mpaka Novembala. Khomo lamwala lotchuka la ku Darwin linagumuka mu Meyi 2021, panangotsala zipilala ziwiri, koma za pansi pa madzi sizinasinthe. Chilumba cha Cocos chili makilomita pafupifupi 550 kuchokera kumtunda wa Costa Rica, ulendo wa maola oposa 30. Ku Socorro, komwe nsomba zikuluzikulu za manta zimabwera zokha pafupi ndi anthu, mumayenda pafupifupi tsiku lathunthu kuchokera ku Cabo San Lucas, ku Mexico. Tubbataha, pakati pa nyanja ya Sulu ku Philippines, imafikika miyezi itatu yokha pachaka, kuyambira pakati pa Malichi mpaka pakati pa Juni, pamene nyanja imakhala bata.

Malo onsewa ali ndi khalidwe limodzi: madzi okoka mwamphamvu, khoma lotsetsereka lopanda pansi pooneka, ndi nyanja yopanda malire kumbuyo kwanu. Nsomba zazikulu zimakonda malo otere chifukwa cha kukoka kwa madziko. Nthawi zambiri mumadzigwetsa chagada kuchokera m'kaboti kakang'ono jekete ilibe mpweya, n'kutsika nthawi yomweyo osayandama pamwamba, chifukwa mukachedwa theka la mphindi madzi akupititsani thanthwe. Muyenera kudziwa kuponya baluni yanu yachizindikiro mudakali pansi, kuima pa mamita 5 kwa mphindi zitatu popanda chingwe chogwira, ndiponso kusatekeseka mukatuluka n'kupeza boti lili kutali. N'chifukwa chake maboti ambiri opita ku zilumba za Brothers ndi thanthwe la Daedalus ku Red Sea amafuna kuti kabuku kanu kasonyeze kuti munatsikapo ka 50. Ena amachinyengerera chiwerengerochi kuti asataye kasitomala. Inu musadzinyengerere nokha.

Kutsika kanayi patsiku masiku asanu otsatizana kumaunjika nayitrojeni m'thupi. Pachifukwa ichi maphunziro a nitrox, mpweya wowonjezeredwa okosijeni, ndi oyenera kuwachita musanakwere. Nitrox ya magawo 32 pa 100 imachepetsa nayitrojeni amene mukupuma, koma ili ndi malire ake, pafupifupi mamita 34, chifukwa kupyola apo okosijeni yemweyo amatha kukomola munthu ali pansi. Silinda iliyonse muziyeza nokha ndi kulemba nokha. Ndipo kumbukirani kuti ku Cocos chipinda chochizira DCS chili kutali ulendo wa tsiku kapena kuposa. Inshuwalansi wamba ya apaulendo kawirikawiri silipira zimenezi. Fufuzani yomwe imatchula scuba, kuya kwake, chipindacho ndi ndalama zokusamutsirani. Bungwe loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi la DAN (Divers Alert Network), lomwe linayamba mu 1980, ndi lomwe ambiri amalidziwa pankhaniyi.

Pali nkhani ina imene otsatsa maulendo sakonda kuitchula, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse: boti lenilenilo. Pa 2 Seputembala 2019, boti la Conception linapsa usiku pafupi ndi chilumba cha Santa Cruz ku California, ndipo anthu 34 amene anagona m'chipinda chapansi anafa onse. Ofufuza anapeza kuti panalibe mlonda woyendera boti usiku monga lamulo linkafunira, ndipo makomo onse awiri otulukira m'chipindacho ankatulukira m'chipinda chimodzi chomwe chinali kuyaka. Pa 25 Novembala 2024, boti la Sea Story linagubuduzika usiku pafupi ndi Marsa Alam ku Egypt, ndipo anthu 11 anafa kapena kusowa. Kumayambiriro kwa 2025, nthambi ya boma la Britain yofufuza ngozi za panyanja, MAIB, inachenjeza za maboti otere ku Red Sea, itawerenga ngozi 16 m'zaka zisanu. Inatchula maboti osinthidwa mamangidwe mpaka kusakhazikika pamadzi, zida zopulumutsira zowonongeka, ndi njira zothawira zopanda nyali kapena zotsekeka.

Izi sizikutanthauza kuti musakwere liveaboard. Zikutanthauza kuti mafunso anu asathere pa kukula kwa bedi ndi kukoma kwa chakudya. Musanalipire, funsani ngati pamakhala mlonda wosagona usiku wonse, ngati m'zipinda zonse muli zipangizo zolira kukatuluka utsi, ngati muli okosijeni wokwanira ulendo wobwerera kudoko, komanso kumene mabatire a makamera ndi matochi amatchajidwa usiku. Kampani yabwino imayankha mosanyinyirika. Mukakwera, usiku woyamba womwewo yendani kuchokera pabedi panu mpaka panja, kenako pezani khomo lachiwiri, mulitsegule ndi manja anu. Jekete yoyandamitsa muione ndi maso, tochi ikhale pomwe dzanja lingaipeze mumdima, pasipoti ndi mankhwala anu zikhale m'kathumba kosalowa madzi pafupi ndi mutu. Ngati mungathe kusankha, ine ndingatenge chipinda cha pamwamba, ngakhale chimagwedezeka kwambiri nyanja ikawinduka.

Kunenanso zoona, pali anthu amene moyo wa m'boti suwayanja. Wodwala chizungulire cha panyanja alibe kothawira kwa masiku asanu ndi awiri. Khutu likatupa tsiku lachiwiri, sabata yonse mumaonerera anzanu akuvala.

Nanga musankhe iti?

Tsegulani kabuku kanu kolembamo maulendo, muwerenge moona mtima. Ngati mwatsika kosakwana ka 30, kapena patha chaka musanalowe m'madzi, pitani kumalo a bata, mugone kumtunda, muyambe ndi tsiku lokumbutsana ndi mphunzitsi. Boti la tsiku likupatsani wokuyang'anirani. Mukalimba mtima, onjezerani kulowa pagombe ndi mnzanu wodalirika. Mudzazindikira kuti mwakhwima pamene muzitha kuima pamalo amodzi m'madzi osapalasa manja, mapazi osavundula mchenga, n'kumatuluka ndi mpweya wotsala osauwerengera ndi mantha. Pamenepo liveaboard idzakukomerani, ndipo yoyamba ikhale ya njira yofatsa, monga ya sitima zomira ndi matanthwe a kumpoto kwa Red Sea kapena ya pakati pa Maldives, komwe lamulo la dziko limaletsa kupyola mamita 30. Darwin ndi Cocos zidikire.

Pali njira yapakati imene ambiri saiganizira. Ku Raja Ampat, ku Indonesia, komwe kumapezeka mitundu ya makorali olimba yoposa 500, mukhoza kugona m'tinyumba ta eni dera pagombe pa chilumba ngati Kri, n'kumatsika pamatanthwe omwewo amene ma liveaboard amaimapo, ndalama yanu n'kutsala m'manja mwa anthu amene akusamala nyanjayo. Simufika kum'mwera kwenikweni ku Misool, koma zomwe zili pafupi n'zokwanira kudzaza sabata ziwiri.

Pa njira iliyonse, funsani za nyengo ndi za thanzi la makorali chaka chimenecho, osadalira zithunzi zakale. Mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti makorali akuyera padziko lonse kachinayi, pambuyo pa 1998, 2010 ndi zaka za 2014 mpaka 2017. Madzi akatentha kwambiri, korali amataya tizomera tating'ono timene timakhala m'thupi mwake n'kumamudyetsa, amasanduka woyera, ndipo kutentha kukapitirira amafa. Thanthwe lina limachira, lina ayi, ngakhale ali moyandikana. Amene amalowa m'madzimo tsiku ndi tsiku ndiwo angakuuzeni zoona.

Tsiku lomaliza mulikonze musanagule tikiti ya ndege. M'ndege mphamvu ya mpweya imatsika, ndipo nayitrojeni wotsala m'thupi amatha kuchita thovu ngati kuti mwakwera mothamanga. Malangizo a DAN ndi akuti mudikire maola osachepera 12 ngati mwatsika kamodzi kokha, ndi maola osachepera 18 ngati mwatsika kangapo kapena masiku angapo. Ambiri amene atha sabata yathunthu m'madzi amasiya maola 24. Ma liveaboard amaziwerengera kale zimenezi, koma amene ali pagombe ndi galimoto yake alibe womukumbutsa, ndipo kutsika "komaliza kamodzi kokha" kumanyenga. Phiri nalo ndi chimodzimodzi ndi ndege. Ambiri amene amapita ku Dahab amafuna kukwera phiri la Sinai usiku kuti akaone dzuwa likutuluka, ndipo nsonga yake ili pa mamita 2,285. Ulendo umenewo uchitike musanayambe kulowa m'madzi, kapena patatha tsiku lathunthu mutasiya.